Bambo Jairus Daka, Amene Anatsala ndi Liwu Limodzi

Kwa Mayi Mainess Daka, ana, abale a ku Katete ndi onse olira nafe,

Ife a Kwaya ya Abambo ya mpingo wa ku Masala, kuno ku Ndola, talandira ndi mitima yosweka uthenga wakuti Bambo Jairus Daka atisiya. Ndipo ngakhale tinawaona akudwala nthawi yaitali, imfa yawo yatidzidzimutsa kwambiri.

Malemuwa anafika kuno dziko lisanalandire ufulu, nagwira ntchito kunjanji kumene mabogi a mkuwa sankatha kudutsa, koma ife tidzawakumbukira monga woyambitsa nyimbo. Ndiwo anasonkhanitsa kwayayi tikupempherabe pansi pa mtengo, ndiwonso ankayamba nyimbo pamwamba mpaka oimba besi misempha kutuluka m'khosi, iwo n'kumatiyang'ana ngati olakwa ndife. Chibemba ankachidziwa bwino, koma ankachisiya pageti. M'nyumba ndi m'tchalitchi ankafuna Chinyanja cha kwawo basi.

N'chifukwa chake zinatipweteka koposa pamene sitiroko inawaumitsa mbali yakumanja, n'kuwalanda mawu onse kupatula liwu limodzi, liwulonso lachibemba: "mukwai," lija timalemekezera nalo aliyense pamsika. Madzi anali mukwai, ululu unali mukwai, akazi awonso anali mukwai. Mayi Daka ankawasambitsa ndi kuwadyetsa osanyinyirika, koma tsiku lina anatifunsa misozi ili m'maso: "Abambo, niuzeni zoona. Akali kunidziwa aba? Nanga aniitana bwanji mukwai monga ndine wogulitsa tomato?"

Achipatala anachita mbali yawo pa thupi, koma ife tinaona kuti mzimu wa m'bale wathu ndi umene ukufota, chifukwa ankangogona atayang'ana kukhoma ndipo chakudya ankakana. Tinagwirizana zoti tiziphunzira nyimbo m'nyumba mwawo. Tsiku lina tili pakati pa salimo, a Daka anamenya mpando ndi dzanja lamanzere kutiletsa, n'kuliyambanso okha, pamwamba monga kale, Chinyanja chonse chikutuluka bwinobwino. Kuyambira pamenepo anayamba kudya, analola kukwezedwa panjinga kupita kutchalitchi, ndipo ankapemphera poimba ngakhale kuyankhula kunawakanikabe mpaka kumapeto.

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu amene anasunga nyimbo m'kamwa mwa m'bale wathu kuti akulimbitseni pa maliro ano ndi m'masiku ovuta amene amadza anthu akabalalika.

Koma kwa inu, Mayi Daka, tili ndi ngongole ya yankho la funso lanu lija. Pa Sabata lomaliza munatuluka kukatiwiritsira tiyi, ndipo amuna anu, ataona mpando wanu uli wopanda munthu, anasiya mawu a nyimbo n'kuyamba kuimba liwu lina m'mayimbidwe omwewo, maso ali kukhomo. Titakuuzani munapukusa mutu, munati tikungokutonthozani. Lero tikubwereza pamaso pa mpingo wonse, ife tonse amene tinamva ndi makutu athu: sanati mukwai. Ankaimba kuti Mainess.

Ine wolira nanu,
Absalom Njobvu
Wapampando, Kwaya ya Abambo, Masala