Khadi la Chimtali

Lachiwiri, 4 Malichi

Bwana watsopano waliona bokosi lero. Lachitsulo, lotuwa, m'chipinda chozizira chopanda mawindo. Mkati mwake muli kiyi wa kompyuta wosaoneka amene amadinda ziphaso za malo. Ukalikanganula, limafufuta zonse lokha. Makhadi alipo atatu: langa, la mnzanga Chimtali, ndi la mayi wa zamalamulo amene ali kutchuthi cha uchembere. Popanda awiri kulowetsa makhadi ndi manambala awo achinsinsi, silidinda kanthu.

"Ndiye ine bwana ndizipempha chilolezo kwa madala awiri?" Anatero akuseka. Ndadana nako kuseka kwake.

Lachitatu, 5 Malichi

Akufuna makhadi azikhala mu kabati yake, manambala alembedwe papepala. Akuti ntchito ifulumire. Chiphaso chimene akuchithamangira ndachiona. Malo a msika wakale, dzina la mlamu wake.

Ndasowa chidindo chathu chakale cha labala. Inki pachala, kugunda kwake patebulo. Wakuba wa masiku amenewo ankayamba wathyola loko. Wa lero amavala tayi.

Lachisanu, 7 Malichi

Chimtali wapereka. Khadi ndi kapepala komwe. Munthu amene tinayamba naye ntchito tonse tili ndi tsitsi, amene anandigwira mkono tsiku loika mkazi wanga. "Achimwene, ana akadali pasukulu." Basi. Galu wachabechabe. Tiyi ndamwera pawindo, ndekha.

Lamlungu, 9 Malichi

Mwana wanga pafoni: "Adadi, penshoni yayandikira, musalimbane ndi mtunda wopanda madzi." Nayenso. Khadi lili m'thumba la jekete. Kapulasitiki kopepuka chonchi, koma phewa likuwawa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tebulo langa alisunthira pafupi ndi chimbudzi. Anyamata a makompyuta ayamba kunditchula Agogo a Chidindo. Chimtali wandipatsa moni kawiri. Ndayang'ana khoma.

Lachinayi, 13 Malichi

Bwana analowa m'chipinda chozizira kukayesa khadi la Chimtali, kuti langa likadzabwera zonse zikhale zokonzeka. Nambala yakana. Kachiwiri, yakana. Munthu wanzeru akanaima pomwepo, poti kachitatu khadi limafa, silidzukanso. Iye sanaime.

Phokoso linamveka mpaka kumasitepe. Chimtali ataimirira, manja kumbuyo: "Pepani bwana, ukalamba. Kapena ndinalemba nambala ya mita ya magetsi."

Nambala yake yeniyeni wakhala akuilowetsa mlungu uliwonse zaka zonsezi. Sangaiiwale ngakhale ali m'tulo.

Amuimitsa ntchito. Anadutsa patebulo langa, kapu ndi juzi zili m'jumbo. "Lanulo palokha silidinda, achimwene. Pumani." Ndinafuna kuimirira. Anali atatuluka kale.

Bwana wayamba kufunsa kumene amakhala mayi wa zamalamulo. Ndamuimbira kale mayiyo.

Mawa kwa Chimtali. Ndikagogoda, akatsegula, ndiye ndikati chiyani?