Dzino Lomata Lija Latupitsa Tsaya

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi miyendo ija ikukulolani kuyenda? Kuno akamwini anu ali bwino, koma ine ndikulemba tsaya lili chotupa, ndipo mtima suli m'malo.

Mukukumbukira dzino lakumapeto lija munakandimatitsa ndili kusekondale? Anaikamo chomatira chotuwa ngati chitsulo, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikutafunira komweko osamva kanthu. Sabata yatha ndikudya masana kuntchito, ndinangomva kanthu kolimba palilime. Kulavula, kachidutswa ka chomatira chija. M'mawa mwake tsaya linali ngati ndavumata dzira. Anzanga osoka nawo zovala ankandiseka kuti mimba yasamukira kumaso, ine n'kumaseka nawo, mpaka nditayamba kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo.

Dokotala wa mano amene ndinapitako ndi mayi wofatsa. Analowetsa kagalasi m'kamwa, n'kuliyang'anitsitsa dzinolo. Kenako anati chomatiracho chayesetsa, ena sichiwakhalitsa chonchi. Koma pokalamba chinasiya kampata m'mphepete, zakudya n'kumalowa, dzino n'kumaola chamkati mpaka kumizu, pamwamba likuoneka labwinobwino. Anaonanso lakutsogolo lija ndinamatitsa ndi choyera nditangobwera kuno, akuti layamba kuda m'mbali. Choyeracho chimakongola, koma nachonso chimatopa. Ine ndinkayesa kuti dzino akamata, nkhani yatha.

Atanena kuti lakumapetolo n'lofunika kuzula, ndinawapempha kuti tidikire ndiyambe ndachira. Mukudziwa mmene pakati poyamba paja panathera. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mayi, jakisoni wanga sangamuvulaze mwanayu. Choopsa ndi mafinyawa akafalikira.”

Anatulutsako mafinya, anandipatsa mankhwala oyenera munthu woyembekezera, n'kundiuza kuti ndipitenso Lachiwiri la sabata yamawa. Anandichenjezanso kuti chotupachi chikatsikira kukhosi, kapena ndikayamba kulephera kumeza, ndithamangire kuchipatala osadikira ngakhale mwamuna wanga. Chichokereni kumeneko ndimangokhalira kumeza malovu, kuyesa ngati akudutsa. Dzulo ndinasoka mkono wa diresi chozondotsa chifukwa dzanja lina linali pakhosi. Kusikelo anamwino anandimvetsa mtima wa mwana ukugunda, akuti ali bwino. Ndinawakhulupirira mpaka pageti, mantha n'kubweranso.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Bwerani lisanafike Lachiwirilo. Akamwini anu akuti andiperekeza, koma iwo akangoona jakisoni amatuluka thukuta kuposa wodwala, ndipo ndikuopa kuti adokotala adzasiya ine n'kuyamba kukupiza iwo. Adokotala avomera kuti munthu mmodzi angathe kulowa nane.

Mundiperekere moni kwa Ababa, koma za kukhosizi musawauze, angadwale ndi maganizo. Moni kwa azakhali, achimwene ndi alamu anga. Mng'ono wanga mumuuze kuti akaonetse lake lomata lija, asadikire kuti limupweteke.

Pa mpando uja sindidzatha kulankhula, kukamwa kudzakhala kuli dzanzi. Ine ndidzatseka maso. Inu mudzaike dzanja pamimba panga, muzidzandiuza mwanayu akamasuntha.

Ndine mwana wanu wachisamba,
amene akuyang'ana kunjira.