Mwendo wa Msonkho

Kawale,
Lilongwe.
Okutobala 2006

Okondedwa achimwene a Dominiko,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, alamu ndi ana. Amayi msana uja ukuwalola kugwira khasu? Nanga abambo matenda a shuga aja atsikako, kapena akumathirabe shuga mu tiyi amayi akangotembenuka? Ine kuno thupi lili bwino. Mtima ndiwo suli m'malo, n'chifukwa chake mwalandira kalata m'malo mwa foni. Zapafoni ndaziopa. Timawu tochepa tija ndinakuuzani inu mutakwera pachulu kusaka netiweki pafoni ya a Sabiti ndi timene tabala zonsezi.

Kuno dzuwa lafika poipa. Madzi ku Kawale akumatuluka m'bandakucha mokha, moti ndikumapita ku ofesi nditasamba theka la ndowa ngati mwana wa sukulu yogonera konko. Nsapato zija munandiseka nazo pa Pasaka kuti n'zoboolera mapando a chimanga, chidendene chake chinatsala m'minibasi sabata yatha. Alamu musawauze, angakondwe.

Tsopano ndifotokoze nkhani yanga bwinobwino, poti pakhomopo aliyense wamva zakezake.

Paja zaka zonsezi ntchito yanga yakhala yoyenda m'makampani kufufuza mabuku awo a ndalama. Mayeso omaliza ndinakhoza, ndiye mabwana akuti tsopano ndakula, ndisankhe khomo loti ndilowe, ndipo yankho akulifuna mwezi uno usanathe. Makomo ake ndi awiri. Mbali zonse anandiyesako miyezi ingapo, ndipo zonse zikundifuna. Mukanakhala inu mukanati ndi mwayi. Ine ndikuona ngati chilango.

Khomo loyamba ndi la ulangizi wa anthu ofuna kuika ndalama zawo m'mabizinesi. Munthu kapena kampani ikafuna kugula fakitale, esiteti ya tiyi kaya masheya, imatituma ife kuti tikaone kaye ngati ng'ombe akuigulayo ilidi ndi bere kapena yangokhuta madeya. Malipiro ake ndi onona, koma olowa kumeneko amayamba apita ku Joni zaka ziwiri, ndipo ambiri sabwerako. Khomo lachiwiri ndi la msonkho. Malo amenewo ali ku ofesi yathu ya ku Blantyre.

Pafoni paja ndinangotchula mawu awiriwo, ulangizi ndi msonkho, foni n'kuduka. Zotsatira zake ndazimva kwa msuweni wathu Mikaele, amene anadzera kuno popita ku Kasungu. Akuti amayi alengeza kale kumphakati kuti Easter wawo akukhala mlangizi wa zaulimi, ndipo azimayi a ku Ndunde ayamba kubwera ndi nthochi ndi mazira kuti ndidzawakumbukire pa makuponi a feteleza. Akuti ena afunsa ngati njinga yamoto andipatsa kale. Ndinaseka mpaka misozi. Chonde auzeni amayi abweze mazirawo, ine za mizere ya chimanga sindidziwa kuposa iwo.

Koma Mikaele atafika pa mawu a abambo kuseka kunatha. Akuti anasisita bondo, kenako anati: “Mukamuuze mwanayo kuti pakhomo pano wamsonkho sanakhalepo pampando. Ngati ndi ulangizi apite, ngakhale kutakhala ku Joni.”

Achimwene, mawu amenewa akundiyenda m'mutu ngakhale ndili pakati pa ntchito. Sindikuwaimba mlandu abambo. Ine ndinali ndisanabadwe, inu munali kumsana, koma nkhaniyo tonse tinakula nayo. Ndalama ya msonkho chaka chimenecho inathera kuchipatala cha mishoni inu mutadwala chikuku. Abambo anapita kumsika wa Mbulumbuzi ndi nandolo opanda chiphaso cha msonkho m'thumba, amsonkho n'kutseka njira zonse. Pothawa analumpha ngalande, mwendo n'kuthyoka, ndipo anthu aja anawamangabe chingwe ali chigonere. Mwendowo unapola mokhota mpaka lero. Tili ana tinkauseka osadziwa kanthu. Akangoyamba kuusisita ife timathamanga kukauza amayi kuti mwendo wa msonkho wayamba, aanule mphale mvula ikubwera. Iwo ankaseka nafe. Pano ndi pamene ndikuzindikira kuti kusekako kunali kwa pakamwa pokha.

Ndiye kwa iwo wamsonkho ndi munthu wa chingwe, ndipo ngakhale kutchalitchi amamva okhometsa msonkho akutchulidwa pamodzi ndi ochimwa. Ndingawauze chiyani? Koma ntchito akundiitanirayi si yotolera msonkho, ndipo si ya boma. Otolera alipo, ali ndi maofesi awo. Ife timakhala mbali ya wolipirayo. Timawerenga malamulo, n'kumuuza munthu zimene akuyenera kupereka kuti asabe, komanso kuti asamudyere.

Ndili mbali imeneyo kunabwera bambo wina, a Twaha, amene ali ndi malole onyamula nandolo. Analowa thukuta lili kamukamu, otolera msonkho atawalamula chindapusa choti akanagulitsa malole onse. A Abbas, omwe ndi mkulu wa za msonkho pakampani pathu, anandipatsa nkhaniyo kuti ndiione. Ndinapeza kuti bamboyo analakwitsadi pena, koma chachikulu chimene amamuopseza nacho lamulo silinena choncho. Tinapita nawo kukakambirana, zinthu n'kutheka. Potuluka ndinawayang'ana akutsika masitepe mopepuka ngati mnyamata, ndipo ndinaganiza za abambo pangalande paja, kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wowayankhulira. Tsiku limenelo ndinaikonda ntchitoyi.

Komabe ndisakunamizeni ngati kuti ndikukakhala sisitere. Anthu ngati a Twaha ndi ochepa. Ambiri otilemba ntchito ndi makampani akuluakulu, ndipo nthawi zina umathandiza mwini chuma kupereka zochepa, mwalamulo ndithu, iwe ukudziwa kuti kuchipatala kwanu mankhwala akusowa. Zimenezo zimandiluma. Ku ulangizi nakonso si kumwamba. Ndili kumeneko tinathandiza anthu ena kugula fakitale, ndipo kuti phindu lioneke ndinauzidwa kuwerengera kuti antchito angati achotsedwe. Ndinawerengera bwino, mabwana n'kundiyamikira, koma nsima tsiku limenelo sinatsike.

Ndipo ndisabise, ku Joni ndikukufuna. Mnzanga Fiona, amene tinayamba limodzi ntchito, anasankha kale ulangizi ndipo akunyamuka Januwale. Tsiku lililonse amandiimbira nyimbo imodzimodzi, yoti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ndikalowa ku msonkho ndidzakalamba ndikuwerenga malamulo omwe amasintha chaka ndi chaka. Mayi amene amatsogolera za ulangizi anandiitana mu ofesi mwawo n'kundiuza kuti mutu ngati wanga suyenera kuthera pa mafomu. Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndakwera kale ndege. Pasipoti ndinapangitsa, ili m'sutikesi, ndipo ndimaitulutsa kawirikawiri kuiyang'ana ngati chithunzi cha chibwenzi.

Ndikakumana ndi a Abbas m'khonde zonse zimatembenuka. Iwo sanyengerera munthu. Anangondiuza kuti ulangizi uli ngati fodya, chaka china umagula njinga, chaka china umagulitsa njinga yomweyo, pamene msonkho ndi chigayo, kugwe mvula kaya chilala anthu amabwera ndithu. Ndiye m'mawa ndimadzuka ndili wa ku Joni, pofika masana ndili wa ku Blantyre, madzulo ndilibe kwathu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake ndine. Dzana ndinakwera minibasi ya ku Likuni m'malo mwa ya ku Kawale, ndinazindikira titadutsa kale Chinsapo.

Koma chimene chikundikoka kwambiri si chigayo cha a Abbas. Mukukumbukira mu Julaye abambo atakomoka kudimba. Uthenga unandipeza mochedwa, basi inafera pa Ntcheu, ndipo pofika ine n'kuti inu ndi amayi mutagona kale pansi m'wodi masiku angapo. Abambo atandiona anangoti alendo a ku Lilongwe afika, apatseni mpando. Ankaseka, koma ine zinandilasa. Apo n'kuti ndili m'Malawi momwemuno. Nanga ku Joni? Tonse tikuwadziwa anzathu a kumeneko amene amafika ndi mabulangete okongola n'kungoonetsedwa mtumbira. Ndikakhala ku Blantyre, Loweruka lililonse ndikhoza kukwera minibasi pa Limbe n'kufika tiyi asanazizire. Tsiku lawo la kuchipatala ndikhoza kumawaperekeza ine, inu n'kupumako, poti mtolowu mwausenza nokha nthawi yaitali ndipo simunadandaulepo.

Ndiye taonani mmene zakhalira. Ntchito yondibweretsa pafupi ndi abambo ndi imene iwo akuikana, ndipo yonditaya kutali ndi imene aidalitsa. Akundithamangitsa ndi dzanja lomwe akundidalitsa nalo, osadziwa.

Mikaele anandiuzanso nzeru yanu, yoti ndingolowa ku msonkhoko mwakachetechete, kumudzi tizingoti Easter ndi akauntanti basi, kapena titchule dzina lake lachingerezi loti takisi poti abambo sangalimve. Achimwene, mwayesa, koma taganizani. Lero amayi akulandira mazira a makuponi, mawa adzalengeza kumphakati kuti mwana wawo akuyendetsa takisi mu Limbe, anthu n'kumadzandipempha kuti ndiwanyamulire odwala. Ndinaganizapo ndithu zobisazo, mwina masiku awiri. Sindingathe. Anthu a kwathu ali mbwee mu Blantyre, ndipo tsiku lina wina adzawauza abambo pamaliro kapena pamsika kuti mwana wanu uja ndi wa zamsonkho. Adzamva kwa anthu kuti ndakhala ndikudya nawo m'mbale imodzi ndikuwanamiza. Kuthyoka kwachiwiri kumeneko sindikufuna kukhale kochokera kwa ine.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu likubwerali mukabwerako ku Misa, abambo akakhala pansi pa mtengo wa mango paja atasanjika mwendo pachitsa, muwawerengere kalatayi. Yonse, osadumpha, ndipo liwu loti msonkho mulitchule momwe ndalilemberamu. Za nsapato zokhazo mukhoza kusiya. Amayi asawayankhire, ndipo inunso musawakakamize. Akafuna kukhala chete asiyeni akhale chete, mukudziwa kuti iwo yankho lawo limabwera mawa lake ali kudimba. Likabwera mukwerenso pachulu paja mundiimbire, koma ulendo uno muyankhule pang'onopang'ono.

Akakanabe, ndipita ku Joni. Sindidzapita mokwiya, ndipo mabulangete ndidzatumiza. Kungoti sindingathe kukhala pa Limbe pomwepo, phiri la Chiradzulu ndikuliona ndi maso, koma pakhomo pathu ndilibe mpando. Kuli bwino kutalikirana ndi mtunda kusiyana ndi zimenezo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka msana ndapatsira Mikaele pobwerera. Moni kwa alamu anga, kwa ana onse, makamaka Kristina amene ndamva kuti masamu akumuvuta ngati bambo ake. Moni kwa amalume ku Likoswe ndi azakhali ku Mpama, ndi kwa a Sabiti, muwathokoze chifukwa cha foni.

Ndime yotsirizayi ndi ya abambo, muwawerengere mokweza.

Abambo, ndine Easter. Amene anakuthamangitsani aja anabwera ndi chingwe. Ine ndikupempha kubwera ndi mankhwala anu ndi madzi ofunda othowera mwendo. Mukalola, wamsonkho adzafikadi pakhomo panu Loweruka lililonse. Chonde musadzathawe. Ndipo mpando mukandimana palibe kanthu, ndidzakhala pamphasa pafupi ndi mwendowo, paja ndi pamene ndinkakhala kale.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,

Easter