Mitanda Isanu ya Pabalaza

Lolemba, 6 Okutobala

Achimwene atsimikiza. Nyumba ya bambo igulitsidwe mvula isanayambe, bambowo akakhale kwa iwo. Akuti munthu woiwala kuzimitsa chitofu sangakhale yekha. Zoona. Sabata yatha anawapeza kumsewu atavala nsapato imodzi.

Vuto ndi siling'i ya pabalaza. Yatsika pakati, mizere ya madzi akale ponseponse. Achimwene aona pafoni mitanda yonamizira. Matabwa atatu kuwalumikiza ngati ngalande, m'kati mopanda kanthu, kupaka vanishi wakuda, kukhoma kunsi kwa siling'i. Wobwera aziona ngati mitengo yeniyeni yonyamula denga. "Mmisiri tili naye pakhomo, tivutikirenji?" Ndavomera. Sukulu ya ukalipentala anandilipirira ndi iwo. Ndikafuna kuwakanira, pakamwa pamalemera.

Lachitatu, 8 Okutobala

Matabwa a paini afika. Mitanda isanu, uliwonse mamita anayi. Guluu, misomali ing'onoing'ono. Masana onse kumenya matabwa ndi tcheni, kukanda ndi bulashi ya waya kuti aoneke akalekale. Mapewa akuwawa.

Bambo pakhonde, kungoyang'ana. Anagwira ntchito yomweyi zaka makumi anayi, nyumbayi anakhoma denga okha. "Thabwalo lakulakwira chiyani?" Ndinapitiriza kulimenya.

Madzulo aona mtanda woyamba uli chagada pabwalo, wautali, wopanda chivundikiro. Anauzungulira kawiri. "Bokosi la maliro ili ndi langa? Mwachepetsa m'mapewa." Ndinaseka. Kenako ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinakhalako kanthawi.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndakwera m'denga ndi tochi kukaona pokhomera. Bola ndikanapanda kukwera.

Mtanda waukulu, umene wanyamula denga lonse la pabalaza, chiswe chinaumaliza. Kunja ukuoneka bwinobwino. Ndadina ndi chala, chala chalowa chonse. M'kati dothi lokhalokha.

Ndaimbira achimwene ndili pamakwerero. Ndati mtandawo uyenera kusinthidwa, ndiye kuti kuchotsa malata, milungu itatu. Iwo: "Denga lakhala zaka makumi atatu, ligwe mwezi uno? Wogula akubwera pa 25. Tseka." Ndalimbikira pang'ono. "Ndiye bambo uwatenga iwe, m'kachipinda kako kamodziko?"

Ndatsika. Ndasesa utuchi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mitanda itatu yakwera. Timatabwa togwirira ndakhoma pamene mtengo udakali wamoyo. Wapakati ulibe pogwira penipeni. Ndi wopepuka, inde, koma ndikusenzetsa katundu munthu wodwala.

Vanishi wanditsekera m'chifuwa. Chakudya sichikulowa.

Lachisanu, 17 Okutobala

Yatha isanu yonse. Ndisaname, yakongola. Kutsika kwa siling'i sikukuonekanso. Chimene chikundiwawa n'chomwecho, sindinapangepo ntchito yooneka bwino chonchi.

Bambo alowa, ayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Atenga ndodo yawo, agogoda mtanda wapakati. "Ukulira ngati ng'oma. Wapanga zimenezi ndani?" Ndati mmisiri wina. "Usadzamuitanenso."

Lero sanandizindikire. Tsiku lonse amanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Loweruka, 25 Okutobala

Ogula abwera. Mphunzitsi, wamtali, wofatsa, malaya ositidwa bwino. Mkazi wake ndi woyembekezera, masiku atsala pang'ono. Zipinda zina anangosuzumira. Pabalaza mayiyo anaima, maso m'mwamba, dzanja pamimba. "Apa ndi pamene ndizidzakhala ndi mwana masana."

Potuluka mphunzitsi anandifunsa ine, osati achimwene. "Amisiri, dengali lili bwino?" Achimwene anatsokomola. Ndinati malata sakudontha.

Sakudonthadi. Koma si zimene anafunsa.

Lolemba, 3 Novembala

Asainirana. Makiyi aperekedwa.

Kusamutsa bambo. Anagwira felemu la chitseko ndi manja awiri, tinachita kuwamasula chala chimodzichimodzi. Sanalire, sanatukwane. M'galimoto nyundo yawo yakale ili pamiyendo. Pokhota anafunsa ngati tatseka mawindo.

Lachiwiri, 9 Disembala

Mwezi wathunthu osalemba. Ndikanalemba chiyani?

Mvula masiku anayi osakata. Mphepo ikawomba ndimasiya chimene ndagwira, kumvetsera, ngati ndingamve denga kuchokera kuno. Bambo aonda. Kwa achimwene amangokhala pafupi ndi chitseko, nsapato kuphazi, kudikira wowatenga kupita kwawo.

Masana foni, nambala ya mphunzitsi. Inaitana katatu ndisanayankhe. Palibe chagwa. Mwana anabadwa, wamkazi. Akufuna mitanda ina iwiri kuchipinda chogona. "Mlendo aliyense amafunsa za inu, amisiri."

Ndati ndibwera Lachinayi kudzayeza.

Lachinayi, 11 Disembala

Ndapita ndi tepi ndi makwerero. Kuchipinda sindinafikeko.

Pabalaza mwana ali pakamatiresi pansi, ndendende kunsi kwa mtanda wapakati. Kumapeto kwa mtandawo, pokumana ndi khoma, patseguka mpata woti chala n'kulowa. Pansi kafumbi kofiirira. Mayiyo akuti amasesa m'mawa uliwonse, amayesa ndi utuchi wotsala pa ntchito yanga.

Ndinawapempha anyamule mwanayo. Ndinaimika makwerero pa chibowo cholowera m'denga, tochi ndinapatsa mphunzitsi. Ndinamuuza pogwira pa mtanda waukulu uja. Anakhalamo mphindi zochepa. Potsika, dzanja lonse dothi.

"Munadziwa liti?"

Ndinati pa 11 Okutobala. Anawerenga m'mutu, ndinamuona. Milungu iwiri asanandifunse funso lija.

Mkazi wake anatuluka ndi mwana. Mphunzitsiyo sanakalipe. Anapukuta dzanja ndi mpango, chala chilichonse pachokha, n'kunditsegulira chitseko. Bola akanandimenya.

Lachisanu, 12 Disembala

Achimwene aimba m'mawa. Mphunzitsi wawauza kuti akupita kwa loya. "Wandigulitsa iwe. Ndinakuphunzitsa ntchito kuti udzandimangitse?" Ndati panali mwana pansi pake. Akuti kuyambira lero alibe mng'ono, ndipo kunyumba kwawo ndisapondeko.

Bambo ali kumeneko.

Ndaimbira alamu, akazi a achimwene, masana. Anayankha motsitsa mawu. Akuti bambo adya pang'ono, afunsa ngati mmisiri uja anabwera kudzakonza denga. Sakudziwa kuti akunena mmisiri uti. Inenso sindikudziwa.

Lamulungu, 14 Disembala

Ndagulitsa makina anga ochekera. Ndagula mtanda weniweni, wouma, wothiridwa mankhwala a chiswe. Anthu atatu kuunyamula. Ntchito yonse ndi milungu itatu, koma malata angachoke ndi kubwerera m'masiku anayi ngati mvula ingandipatse mpata. Yanga isanu ija ndiigwetsa yoyamba.

Ndalembera mphunzitsi uthenga. Ndati mawa ndibwera kudzasintha mtandawo, osalipira kanthu, za loya apitirize mmene akufunira. Ndapempha kuti pabalaza pasakhale munthu. Foni ikuonetsa kuti wawerenga. Sanayankhe.

Kumwamba kwadanso.

Wa lole yonyamula mtandawo ndamuuza 6 koloko m'mawa. Mphunzitsi akapanda kutsegula geti, titsitsa panja pomwepo, ndikhala pamtandapo mpaka atuluke.