Ndinaseka thumba la anzanga, lero ndikuwasowa

Aphungu,

Ndinakhala zaka 26 m'mbali mwa ngalande ku Bangkok, m'tinyumba ta malata. Titauzidwa kuti tichoke, Mayi Lamduan, ogulitsa nthochi zokazinga, anayambitsa thumba la tonse: banja lililonse baht zisanu patsiku, kandalama kochepa ka kuno. Ankati tikasonkha gawo lathu, boma lidzabwereketsa gulu lathu ndalama zotsala, tigule malo amodzi, timange.

Ine ndinawaseka pamsonkhano. Ndinati, "Mayi, ndi baht zisanuzi mumanga khola la nkhuku?" Iwo anangoti, "Mudzabwere kudzaona nkhukuzo, achimwene."

Sindinalowe m'thumbalo, ndinasamukira kwa mwana wanga wamkazi ku Saraburi. Amandisamala, koma kuno palibe wondiitana dzina langa la paubwana. Mwezi watha ndinapita mwakachetechete kumalo amene anzanga aja anagula. Nyumba zaima m'mizere, zovala zili pazingwe. Ndinamva kuseka kwa Prasit, mnzanga amene tinkawedza limodzi, koma ndinabwerera pachipata. Chibwerere, chakudya sichikundikomera.

Ndamva kuti nyumba imodzi ilibe munthu. Ndalama ndili nazo tsopano. Ndikaigule?

S.K., Saraburi

Bambo S.K.,

Nyumbayo simungaigule ngati njinga. Malowo ndi a gulu, ndipo gululo ndi lomwe likubweza ngongole mwezi ndi mwezi, n'kumapatulanso kangachepe ka odwala ndi maliro. Banja limodzi likalephera, anzawo amasenza. N'chifukwa chake amasankha munthu, osati chikwama chake.

Choyamba, uzani mwana wanuyo kuti mtima wanu uli kwa anzanu aja. Asadzamve kwa ena. Kenako kwerani basi, ndipo ulendo uno mulowe. Yambani ndi Prasit, mudye naye. Mukatero mupemphe mpata pamsonkhano wa gulu. Munawanyoza mayi aja pamaso pa anthu, ndiye kupepesa kwa kuseri sikukwana. Mawu ochepa okha, popanda kudzikometsera.

Pemphani kulowa m'thumbalo ngati watsopano, muzisonkha monga aliyense, ngakhale mutha kupereka zambiri.

Koma chenjerani. Wina akakulonjezani nyumbayo pambali, musam'patse kanthu, mungataye ndalama ndi anthu omwe. Dziwaninso kuti mwina pali ana a anzanuwo amene akhala akudikira zaka. Nyumbayo ikapita kwa wina, musakwiye n'kusiya kusonkha. A m'gulumo adzakhala akukuyang'anani mwezi wotsatirawo, kuona ngati musonkhebe.