Makutu a Atate

Loweruka, 12 Epulo 2025

Nafika ku Kanakantapa. Fumbi mpaka m'mano. Holide ya Pasaka, koma tesiti ya khutu inidikira ku koleji. M'chola buku la anatome na otosikopu, katochi koyang'anira m'khutu. Ni ya mnzanga Luyando. Ponibwereka anati, "Ukaigwetsa usabwerenso ku Lusaka."

Nachita odi, atate ali pomwepo pakhonde akusoka thumba, osatembenuka. Amai ati atate asiya kwaya. Atate, amene atsogolera kwaya kuyambira nisanabadwe! Ati samvanso mawu a oyimba, asiyira Ba Stephen. Amai: "Kaya ni ukalamba, kaya ni dala. Tatopa kukuwa m'nyumba muno."

Lamulungu la Kanjedza, 13 Epulo

Ku Misa atate pabenchi yakumbuyo, pakamwa potseka. Mtima kuwawa.

Masana nawakhazika padzuwa. Poyamba kukana, ati si mbuzi yophunzirirapo. Nanyengerera. Nakoka khutu m'mwamba na kumbuyo kuti njira iwongoke, monga anatiphunzitsira. M'buku amati uona nembanemba yotuwa, yowala. Ine naona chinthu chakuda bii, chatseka njira yonse. Phula! Makutu onse awiri! Nakuwa mpaka nkhuku kubalalika.

Avomera okha: m'mawa uliwonse kamtengo ka machesi. Ndiye kumangolikankhira mkati.

Manja kuyabwa kuti nichotse nekha. Ayi. Nikali wophunzira. Nikabowola nembanemba ya atate nikathawira kuti? Madontho a mafuta ofewetsa, kenako kiliniki.

Lachiwiri, 15 Epulo

Madontho m'mawa na madzulo. Atate agona chammbali pamphasa ngati mwana, kudandaula kuti akuzizira.

Nawajambulira khutu pansi na kamtengo, nanenso niwerengeretu. Mawu alowa, amenya nembanemba ngati ng'oma. Kuseri kwake timafupa titatu tipatsirana: maliyasi, inkasi, sitepisi. Sitepisi kachepetsetsa m'thupi lonse, sikafika njere ya mpunga. Kenako kokiliya, yopindika ngati nkhono, yodzaza madzi. Nanena zonse osayang'ana buku! Amai: "Nkhono m'mutu mwa atate ako? Nchifukwa chake amayankha mochedwa."

Koma lero kusamva kwa atate kwakula kuposa dzulo. Buku liti phula limafufuma likanyowa. Nidziwa. Komabe mantha. Nanga ngati si phula lokha? Nauza kale mudzi wonse kuti ni phula.

Lachinayi Loyera, 17 Epulo

Minibasi kupita ku Chongwe, atate atavala jekete ya ukwati. Mzere wautali. Tapeza Ba Chabala, kiliniko ofisa wodekha. Atamva kuti niphunzira ntchito yomweyo anipatsa mbale kuti nigwire pansi pa khutu.

Madzi ofunda m'khutu lakumanja. Kupopa, kupopa, palibe. Thukuta. Kenako phofo! m'mbale, chinthu ngati nshawa yopserera. Ba Chabala: "Bwera uone, dokota wamawa."

Naiona! Nembanemba yeniyeni, yotuwa, yowala, na mkono wa maliyasi kuonekera kuseri. Yokongola kuposa ya m'buku. Ya atate anga.

Atate kudzidzimuka, kucheuka uku na uku. "Ndani akuphwanya zinthu?" Anali nesi, akupinda pepala. Tonse kuseka, ine misozi.

Lakumanzere nkhani ina. Phula latuluka, nembanemba ili bwino, koma amva pang'ono chabe. Ba Chabala ayesa na kachitsulo kolira, aniyang'ana. Ati vuto lili mkati, mwina mu kokiliya, akapimidwe ku Lusaka. Afunsa ntchito yawo yakale. Chigayo, unyamata wonse. Nidziwa tanthauzo lake: phokoso limapha timaselo ta mu kokiliya, tikafa sitimeranso. Sininanene.

Mu minibasi atate kudandaula kuti wailesi ikusokosa. Kondakita kudabwa kuniona nikuwomba m'manja.

Pasaka, 20 Epulo

Atate aima kutsogolo kwa kwaya! Ba Stephen anabwera okha dzulo kudzawapempha. Aima chammbali, khutu lakumanja kwa oyimba, dzanja m'mwamba. Aleluya mpaka malata kunjenjemera. Amai nthungululu, osasamala za ansembe.

Pobwerera nayenda kumanzere kwawo, nalankhula, osayankha. Aima, anigwira phewa, anisamutsira kumanja. "Usabise nkhope, Juliet. Ili lakumanzere nidziwa kuti linapita na chigayo. Limodzi likwanira." Ku Lusaka ati apita tikakolola chimanga. Nawauza kuti niwadikira pasiteshoni, asanizembe.

Buku sininatsegule kuyambira Lachinayi. Mitsempha ya khutu lamkati sinalowebe m'mutu. Niyambe tsopano.

Amai akuitana. Ati aneba athu Ba Selestina abwera na amuna awo, akuwakoka padzanja, ati nawonso samva. Kumbuyo kwawo ena akulowa pageti. Amai akutulutsa kale benchi. Niwauze kuti ine ningoyang'ana chabe, kuchotsa ni ku kiliniki. Otosikopu naiika pati kodi?