Kadona ka Mafizo

Lolemba, 4 Malichi

Kuchipatala ndi abambo a kunyumba kuno, amuna anga. Awajambula mawondo onse. Nyamakazi, mafupa akukhulana. Opaleshoni ayi kaye, akuti ayambe mafizo. Wowachititsa azibwera kunyumba kuno. Bola akhale chibambo champhamvu, abambo ndi olemera.

Lachinayi, 7 Malichi

Wabwera. Chibambo chake chiti? Kadona, msinkhu wa mwana wathu womaliza, kununkhira sopo wodula. Kuwagwira bondo, ntchafu, mpaka m'chiuno, ine ndili pomwepo. Munthu amene amabuula ndikangomukhudza ndi mafuta otikitira, lero mano onse pamtunda. Kanati kayesenso kupinda mwendo winawo, iwo kuupereka msangamsanga.

Loweruka, 16 Malichi

Dzana anavala malaya a kutchalitchi. Mafizo amafuna kolala?

Kandiletsa kuwathandiza. Akuti, "Amayi, musamawadzutse pampando, musamawaveke nsapato. Minofu yafooka chifukwa mumawachitira zonse." Ndiye wolakwa ndine? Chaka chonse msana wanga kuthyoka, kuwakoka pabedi, kuwaperekeza kubafa, kuwapukuta mapazi. Iwo kugwedezera mutu kuvomereza. Ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Ndi nsanje, ndavomera. Ndi imvi zangazi.

Lachitatu, 27 Malichi

Tsiku lonse "adokotala anati, adokotala anati." Si dokotala n'komwe. Ndinanena kalekale kuti achepetse shuga, thupi likulemetsa mawondo, ankati ndine wolongolola. Kangonena komweko, lero tiyi wopanda shuga, akumwa ngati ndi wokoma.

Kawapatsa ndodo yachitsulo. Amaipukuta ndi kansalu.

Lachisanu, 12 Epulo

Sakundiitananso. M'mawa ndimaima pakhomo la kuchipinda kudikira "Mayi, tandigwirani." Iwo ali kalikiliki ndi ndodo yawo, kudzuka okha, nsapato okha. Mwana anaimba foni, akuti ndizisangalala. Ndikusangalala. Koma manja angawa ndiwaike pati?

Lolemba, 15 Epulo

Ndabisa ndodo kuseri kwa kabati. Kadonako sikabwera mpaka Lachinayi. Mawa m'mawa tione aitana ndani. Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri, 16 Epulo

Sanaitane.

Ine kukhitchini, khutu kuchipinda, tiyi kuzizira. Bedi linalira. Kenako zii. Kenako mapazi kukhwekhwereza pasimenti, pang'onopang'ono. Akagwa? Chiuno chikathyoka pamsinkhu umenewu, ndikawauza chiyani ana? Ndimafuna kuthamangira, koma ndinakhalabe pomwepo kudikira kuti aitane.

Ndinangoona dzanja pachitseko. Kenako iwo, thukuta kamukamu, opanda ndodo, opanda wowagwira. Chaka chathunthu asanaime pakhomo la khitchini yanga.

Ndinatambasula manja, misozi ili mbwembwembwe. Sanawaone n'komwe. Akupuma wefuwefu, akumwetulira ngati mwana, anati, "Mayi, foni ili kuti? Tawaimbirani adokotala, muwauze."

Nambala ndili nayo. Foni ili apa patebulo chiyambire m'mawa. Andifunsa kale ngati ndaimba, ndinati netiweki ikuvuta. Panopa akuitananso kuchipindako kufunsa za foniyo, ndipo ine...